Mikanda ya Amayi Tcheya pa Mkono wa Kenan

Yunike NyaKalua sankakhulupirira mkanda umene sanaulume. Aliyense womubweretsera mikanda, kaya Mswahili wochokera kutsidya kwa Songwe kaya kalaliki wa m'sitolo ya ku Chilumba, ankayamba waima kaye n'kumaonerera mayiyo akutola umodzi, kuuika pakati pa mano akutsogolo, n'kuugogoda. Ukalira mouma n'kuzizira pa lilime, ndiye kuti ndi galasi lenileni, mtundu wake uli m'kati. Ukafewa, ankaulavulira pansi pomwepo, mwiniwake akuona. Dzino lake limodzi linabenthuka ndi ntchito imeneyi, ndipo akaseka ankaoneka ngati wangochoka pa ndewu, zomwenso masiku ena zinali zoona.

Amuna a ku Hara ankamudziwa ngati mayi wamasiye wolima mpunga ku sikimu, wogulitsa tomato ndi anyezi pa msika wa Uliwa, wa mawu aakulu oti akayambitsa nyimbo pa msonkhano wa amayi a mpingo enawo ankangotsegula pakamwa chabe. Akazi ndiwo ankadziwa chimene chinali pansi pa anyeziwo, m'chitini cha masiwiti chokulungidwa ndi nsanza. Yunike ankatunga mikanda ya m'chiuno. Imeneyi si mikanda yoonetsa pa msewu. Mkazi wapabanja amaivala pa khungu, m'kati mwa zovala zonse, ndipo woiona ndi kuiseweretsa ndi mwamuna wake yekha, chitseko chili chotseka. Abusa sankaitchula, aphunzitsi sankaitchula, amuna ankachita ngati sakuidziwa n'komwe, koma mwamuna yemweyo akapeza chiuno cha mkazi wake chili mbee ankakadandaula kwa akulu kuti mwanayu sanalangizidwe.

Ntchitoyi anaiphunzira ku Kitwe, kumene anakhala zaka khumi ndi ziwiri ndi mwamuna wake Morton, wokumba mkuwa. Atangokwatiwa kumene, mnzake wina wa pa komboni anamutungira mikanda pa kawaya kotoledwa ku mgodi, ati kameneko sikaduka. Sikanadukedi. Kanamudya chiuno mpaka kusiya chipsera chakuda chozungulira thupi lonse, ndipo anatha miyezi iwiri akugona chammbali, akulira yekha, osauza munthu chifukwa cha manyazi. Atachira anapita kwa mayi wina wachi Nsenga wodziwa ntchito, n'kukhala pansi kuphunzira. Morton atamwalira ndi chifuwa mu 1966, Yunike anabwerera kwawo ndi ana atatu, makina osokera akufa, ndi chitini chija.

Malamulo ake anali ochepa koma sankapindika. Ulusi unali wa thonje, wopota yekha pa ntchafu n'kuupaka phula la njuchi. Waya ayi, nayiloni ya ukonde ayi. Mikanda yatsopano ankaiwiritsa m'madzi a mchere, kenako n'kuimanga pa mkono wake, m'mwamba cha kukhwapa pomwe khungu ndi lofewa, n'kupita nayo kumunda masiku atatu kuti thukuta ndi madzi a mpunga ziinyowetse. Pakapanda kuyabwa ndi pomwe ankatungira mwana wa eni. Atsikana othamangira ukwati ankanyinyirika kuti amachedwetsa, iye n'kuwayankha kuti amene akufulumira apite akamange chingwe cha mbuzi.

M'chaka cha 1978 kunabwera mikanda ina. Inabwera ndi Hilda NyaGondwe, tcheya wa amayi a chipani m'dera lonselo, mayi wonenepa bwino amene ankayenda ndi chikwama chachikopa ngakhale popita kukazula mbande. Mikanda yake inali yowala kwambiri, yakuda, yofiira ndi yobiriwira, yotungidwa kale pa nayiloni, yongotenga n'kuvala. Ankaitulutsa amayi akamaliza kuyeserera magule a chipani, ndipo ndani akanakana kugula kwa munthu amene ankalemba maina a osabwera kovina? Amuna nawo anaikonda, chifukwa Hilda ankangowapatsira ili m'pepala, osawafunsa mafunso. Chitini cha Yunike chinayamba kutha masabata osatsegulidwa. Iye anangoti anyezi alipo, n'kupitiriza moyo wake. Akanaluma umodzi nthawi yomweyo, koma kunyada kunamuletsa kukhudza katundu wa mnzake, ndipo kulakwa kumeneko sanadzikhululukire mpaka ukalamba.

Tsiku lina m'mwezi wa Febuluwale, nyengo yowokera mpunga, dzuwa lili paliwombo, Yunike anabwera kuchokera kumunda n'kupeza Febby atakhala pa khonde ndi kamtolo ka zovala. Febby anali mwana wa mchimwene wake Yotamu, mtsikana wa zaka makumi awiri ndi ziwiri, wokwatiwa kwa Kenan Munthali miyezi isanu ndi umodzi yokha. Kwa iye Yunike anali ankhazi, mlongo wa bambo ake, ndipo kumpoto kuno nkhani ya ukwati wa mwana wamkazi imafikira kwa ankhazi isanafike kwa wina aliyense.

"Andithamangitsa, ankhazi."

"Waphwanya chiyani?"

Febby anangogwira m'chiuno n'kuyang'ana pansi, misozi ikugwera pa mapazi.

Nkhani inatuluka pang'onopang'ono. Kwa mwezi wathunthu Febby anali ndi zilonda m'chiuno. Zitafika pomuvuta kuwerama anapita kuchipatala, koma kumeneko anapeza mwamuna, dokotala wochokera ku Thyolo, ndipo anakana kumasula chitenje pamaso pake. Dokotalayo atamva kuti ndi zilonda za kobisika, mzere wa odwala uli mpaka pa msewu, anangomubaya jakisoni wa chindoko n'kuitana wina. Pa mzerepo panali wa makutu aatali. Dzuwa lisanapendeke, Kenan anali atamva.

Kenan anali kapitawo wa madzi ku sikimu, wotsegula ndi kutseka ngalande, munthu wozolowera kulankhula ataima pamwamba ena ali m'matope. Sanadikire kufika kunyumba. Analunjika ku puloti kumene Febby ankawokera pamodzi ndi apongozi ake ndi amayi ena ngati makumi awiri, n'kuima pa mkhumbi wotchinga madzi n'kukuwa kuti mkazi wake ndi hule, wabweretsa matenda a madalaivala m'nyumba mwake, ndipo ng'ombe zinayi za malowolo zibwerere Loweruka lisanapite. Mpingo nawo unali utamva kale, ndipo Febby ankayembekezera kudulidwa.

"Ine sindinamuonepo mwamuna wina, ankhazi. Chiuta akudziwa."

"Chiuta akudziwa, koma anthu a ku Hara sakudziwa. Lowa m'nyumba, umasule."

Yunike anatseka chitseko, n'kutsegula zenera kuti aone bwino. Zimene anaona zinamuwawa mpaka m'mafupa. Matuza ena anali ophulika, ena odzaza madzi, khungu litasupuka n'kuda, koma zonsezo zinayenda mzere umodzi, kuzungulira chiuno n'kutsikira kutsogolo kumene mikanda imalendewera. Pamwamba pa mzerewo panalibe kanthu, pansi pake panalibe kanthu. Ndipo pa zilonda pomwepo, itamatirira ku mafinya, panali mikanda ya zingwe zitatu, yowala, yakuda, yofiira ndi yobiriwira.

"Yanga ija ili kuti?"

"Anati ndi yachikale. Anandigulira iyi, anandimanga okha."

"Ndiye ikukudya chonchi, iwe osaivula?"

"Chimene wamanga mwamuna sitivula tokha, ankhazi. Munandiuza ndinu."

Mawu amenewo anamubaya, chifukwa anali akedi, anawalankhula pa chilangizo cha mwanayo ali ndi mtima wabwino. Anatenga lezala n'kudula zingwe zonse zitatu. Anatsuka mkanda umodzi n'kuuluma. Unafewa pa dzino, unawawa pa lilime, ndipo unasiya fungo la palafini m'kamwa. Ataupala ndi chikhadabo, kufiira konse kunachoka n'kutsala pulasitiki yoyera. Anatsuka Febby ndi madzi a mchere owiritsa, n'kumuuza kuti agone pa mphasa atafunda nsalu yopepuka, asamange kanthu m'chiuno.

Madzulo asanafike Yunike anali ali kwa Hilda. Analowera kuseri, monga amachitira akazi okhaokha, ndipo kuseriko anaona zonse asanafunse n'komwe. Pa malichero awiri panayanikidwa mikanda yonyowa. Pambali panali zitini za penti wa maboti wotsala kwa asodzi a ku Sangilo, botolo la palafini losungunulira pentiyo, ndi thumba la mikanda yoyera ya pulasitiki.

"Monire, amama tcheya. Ndabwera mwa ulemu, pakati pa ine ndi inu. Penti uyu ndi wa matabwa. Pa munthu, pofunda, ponyowa, akuwotcha. Mwana wathu wasupuka, ndipo banja lake likutha. Uzani a Munthali kuti ndi mikanda, ine nditseka pakamwa."

Hilda akafuna kuopseza munthu ankasiya Chitumbuka n'kuyamba Chichewa cha pa wailesi, ndipo apa anachiyamba.

"Mayi, samalani kalankhulidwe. Akazi oposa zana avala mikanda imeneyi, palibe wadandaula. Mwana wanu ngati ndi woyendayenda, musanamizire chitukuko cha amayi. Mwaiona mitundu yake? Ndi mitundu ya mbendera. Mukuti mbendera ikudwalitsa anthu?"

Funso ngati limenelo linkatha kumutengera munthu kumalo kosabwererako msanga, ndipo Yunike ankadziwa. Koma pakamwa pake panalibe chitseko.

"Yayi, amama. Ine ndimadziwa kuti mbendera imakhala pa mtengo. Zoti mwaitsitsira m'ziuno za akazi, amuna n'kumaiseweretsa, ndikuzimva lero kwa inu. Kodi akuluakulu a ku Karonga akudziwa?"

Hilda sanazitchulenso za mbendera, tsiku limenelo kapena lina lililonse. Koma maso amene anamuperekeza nawo Yunike mpaka pa msewu anali oti nkhani sinathe.

Yotamu, bambo a Febby, atamva kuti mlongo wake wakayankhizana ndi amayi tcheya, anachita mantha. Anali munthu wofatsa, woti ngakhale nkhuku ikalowa m'nyumba ankaipempha kuti ituluke.

"Mlongo wanga, ng'ombe tibweze. Mwana apite kwa azakhali ake ena ku Mzuzu, anthu adzaiwala. Waiwala mphunzitsi uja anatengedwa ndi galimoto chaka chatha? Analakwa chiyani iye, si kungofunsa funso pa msonkhano?"

Yunike sanaiwale. Mantha anali nawo, ndipo anali aakulu, moti masiku amenewo akamva injini pa msewu ankaima n'kutchera khutu. Koma ankadziwanso kuti ng'ombe zikangotuluka m'khola, ndiye kuti banja la a Kalua lavomera, ndipo Febby adzatchedwa wachindoko mpaka adzukulu ake.

"Ng'ombe sizituluka," anatero. "Loweruka ulankhule moni yekha, zinazo undisiyire."

Mlandu unakhala Loweruka m'mawa pa khonde la Zebedee, thenga wa ukwatiwo, amene anayenda pakati pa mabanja awiriwa pa nthawi ya malowolo. Anali mkulu wa mpingo, wokonda mtendere kuposa chilungamo, ndipo anali atakonzeka kuti nkhani ithe msanga dzuwa lisanatenthe. Amuna anakhala pa mipando, akazi pa mphasa. Febby anakhala kumbuyo atafunda kumutu, chifukwa apongozi ake aamuna analipo. Hilda sanaitanidwe, koma anabwera atavala nsalu ya chipani, n'kupatsidwa mpando.

Kenan analankhula nthawi yaitali za jakisoni, za manyazi ake, za ng'ombe za bambo ake. Atamaliza, Zebedee anatembenukira kwa Yotamu. Yotamu anapereka moni, n'kuyang'ana mlongo wake.

Yunike sanalankhule ali pa mphasa. Anadzuka, n'kuyenda mpaka pakati, n'kumasula kansalu, n'kukhuthulira mikanda ya Febby pansi pamaso pa amuna onse.

Kunamveka kukoka mpweya. Chinthu chimenecho sichinaonekepo pa bwalo chiyambire. Bambo ake a Kenan anatembenuza mpando n'kuyang'ana ku khola. Zebedee anavula magalasi ngati kuti akawavula ndiye kuti sanaone. Amayi ake a Kenan anagwira pakamwa.

"NyaKalua, mwe!" anatero Zebedee. "Zinthu za kuchipinda pamaso pa apongozi?"

"Adada, za kuchipinda anazitulutsa ndi mkamwini wanga uyu, pa mkhumbi, pamaso pa akazi makumi awiri. Ine ndangobweretsa zotsala. Chimene chamudwalitsa mwanayu ndi ichi. Anagula ndi Kenan, anamumanga ndi Kenan."

"Bodza!" anakuwa Kenan. "Mikanda imadwalitsa munthu?"

Hilda anakonza nsalu yake n'kunena mofatsa, m'Chichewa chija, kuti mikanda yake ndi yaukhondo, yamakono, ndipo amene akuinyoza ali ndi zolinga zina zimene akuluakulu adzafuna kuzidziwa.

"Yewo, amama tcheya," anatero Yunike. "Ine sindikutsutsana nanu. Mwanena kuti ndi yabwino, tonse tamva. Ndiye tipatseni chingwe chimodzi chatsopano m'chikwama mwanumo, chosakhudza thupi la mwana wathu, kuti wina asadzati matenda anali pa mikanda. Ndimumanga Kenan pa mkono. Akhale nacho sabata imodzi, azigwira nacho ntchito, azigona nacho, monga amachitira mkazi. Loweruka likudzali mkono ukakhala wosalala, ng'ombe ndidzaziyendetsa ndekha mpaka ku khola la a Munthali, ndipo ndidzagwada pamaso pa amama tcheya pa msika."

Hilda akanakana, ndiye kuti wavomera mlandu. Anatsegula chikwama n'kutulutsa chingwe chowala, n'kuchiponya pa mphasa monyada.

"Ine ndivale mikanda ya akazi?" anatero Kenan.

"Ukuopa?" anafunsa Yunike. "Mkazi wako wavala zitatu miyezi iwiri. Iwe kapitawo wathunthu, chimodzi chokha?"

Amuna ena anaseka chamumtima, mapewa okha akugwedezeka. Kenan anapinda malaya mokwiya n'kutambasula mkono. Yunike anazunguliza chingwecho katatu m'mwamba cha kukhwapa, n'kumanga mfundo yake, n'kuidonthezera phula kuti wina akamasula zidziwike. Pamwamba pake anakulungapo kansalu, chifukwa mikanda ya m'chiuno siyenda pamphepo. Zebedee anatseka ndi pemphero lalifupi kwambiri m'moyo wake wonse.

Sabata imeneyo inali yaitali. Lolemba Yunike atafika pa msika, anyamata a chipani anali akumudikira. Anamufunsa khadi, iye n'kuwaonetsa. Anati ndi lakuda, khadi la chipani silisungidwa chonchi, n'kumukhuthulira tomato ndi anyezi m'fumbi, n'kumuuza kuti asadzaonekenso pa msika umenewo. Yunike anatola zimene anatha kutola, n'kuwauza kuti amayi awo anawabereka bwino koma anakulira kolakwika. Pa msika wa Uliwa sanagulitsenso kwa zaka khumi ndi zisanu.

Koma chimene chinkamudya mtima sichinali msika. Khungu la mwamuna wogwira fosholo ndi lolimba, ndipo matupi a anthu salandira zinthu mofanana. Bwanji ngati mkono wa Kenan sukachita kanthu? Ndiye kuti iye yemwe, ndi pakamwa pake, wamumangirira mwanayo mlandu umene sudzamasukanso. Lachiwiri anamuona Kenan patali akutsegula ngalande, akuimba likhweru. Lachitatu anamuonanso, ndipo panalibe chosintha. Chomutonthoza chinali chimodzi chokha, kuti zilonda za Febby zinali zitayamba kuuma.

Lachinayi m'mawa, Yunike akunola khasu, Kenan anatulukira pa bwalo. Sanabwere ndi mawu a pa mkhumbi aja. Mkono anaunyamula kutali ndi thupi, maso ali psuu, ndipo kansalu kaja kanali konyowa ndi madzi achikasu.

"Ankhazi, odi. Duleni. Sindinagone masiku awiri."

"Wamasula?"

"Yayi. Mfundo yanu ili momwemo. Duleni, chonde, ndikupsa."

Yunike anaika khasu pansi. Mtima wake unadzaza chimwemwe choipa, chimwemwe choona munthu akumva zimene anamvetsa mnzake, ndipo sanachite nacho manyazi. Komabe iye sanali munthu wosiya chinthu chowotcha pa khungu la munthu, ngakhale munthuyo akhale Kenan. Analowa m'nyumba kukatenga lezala.

Pa khomo anakumana ndi Febby. Mtsikanayo anali atavala diresi lotayirira, kumutu osafunda, ndipo kwa nthawi yoyamba chibwerereni anayang'ana mwamuna wake m'maso.

"Musadulire pano, ankhazi."

Kenan anadabwa. "Febby, ndavomera. Ndinalakwa. Ndikauza a Zebedee lero lomwe."

"A Zebedee sanali kumunda. Munanditukwana pa mkhumbi, a Munthali. Amene anamva ali komweko, akuwokera. Tiyeni."

Yunike anamuyang'ana mwanayo, mwana yemwe sabata yapitayo sankatha kuvula chomupweteka popanda chilolezo. Anaika lezala m'mpango wakumutu n'kutsogola.

Anayenda atatu m'njira ya ku sikimu, Yunike patsogolo, Kenan pakati, Febby pambuyo akuponda pang'onopang'ono chifukwa cha zilonda. Tsiku limenelo amayi ankawokera puloti ya amayi ake a Kenan, ndipo anali ochuluka kuposa tsiku lija, atawerama pa mzere m'madzi ofika m'akakolo. Woyamba kuwaona anaweramuka, wachiwiri, mpaka mzere wonse unaima, mbande zili m'manja.

Kenan anaima pa mkhumbi womwe uja. Yunike anamasula kansalu, n'kudula chingwe, n'kuchikoka pang'onopang'ono pomwe chinamatirira. Kenan analuma mano. Mkono unali wotupa, ndi mizere itatu ya matuza yozungulira, ina itaphulika, penti wofiira ndi wobiriwira atalowa m'zilonda. Yunike anaugwira mkonowo n'kuukweza m'mwamba.

"Onani, amama nonse. Masiku asanu okha. Kapitawo wathu watenga matenda a madalaivala pa mkono."

Palibe anaseka. Kenan analankhula mawu otsika.

"Sakumva," anatero Febby. "Tsiku lija anamva mpaka ku puloti ya kumapeto."

Kenan anakweza mawu. Ananena kuti mkazi wake alibe mlandu, kuti sanayende ndi munthu, kuti mikanda anagula yekha n'kumumanga yekha, ndipo kuti za ng'ombe zatha. Mawu ake anafika mpaka kumapeto kwa mzere.

Amayi aja ankangoyang'ana mkono uja, ndipo Yunike anaona kuti sakuuyang'ana ngati chinthu chachilendo. Kenako mayi wina wapakati pa mzere, Eliness, wa ana asanu, anaika mbande zake pa madzi, n'kutembenukira ku mapiri, n'kulowetsa dzanja m'kati mwa chitenje. Anakoka kawiri, nayiloni n'kuduka. Mikanda inayoyokera m'matope. Wa pambali pake anachitanso chimodzimodzi. Nayiloni ikakana, ankaitana Yunike ndi maso, iye n'kutsika m'madzi ndi lezala, akazi anzawo atawatchinga ndi nsalu. Anadulira amayi khumi ndi atatu m'mawa umenewo, ndipo mwa iwo panalibe amene analibe chilonda. Womaliza anali amayi ake a Kenan, amene anamugwira Yunike pa mkono osamuyang'ana kumaso.

Kenan anali atayang'ana kumbali nthawi yonseyi. Zitatha anasendera kwa mkazi wake, mkono uli m'mwamba.

"Tiye kunyumba, Febby."

"Lero ayi."

"Nanga liti?"

"Munandichotsa nokha, koma simunditenga nokha. Mutume a Zebedee kwa adada, akapemphe ngati poyamba, ndipo ine ndidzafunsidwa ngati ndikufuna." Anamuyang'ana mkono. "Mukatsuke ndi madzi a mchere owiritsa, musamangepo kanthu. Usiku woyamba zimawawa kwambiri, ndipo mudzafuna wokupepesani. Ine ndinalibe."

Anatembenuka n'kuyamba ulendo wobwerera kwa ankhazi ake, yekha, pa mkhumbi wopapatiza, akuponda mosamala.